Kalata ya fizio ili m'manja koma msana ukupwetekabe: mmene mungafupikitsire kudikira mu Lusaka

Msana ukapweteka kupitirira milungu 12, achipatala amati ndi ululu wokhalitsa, ndipo kwa anthu ambiri chithandizo chake chenicheni si jakisoni kapena opaleshoni koma fizio (physiotherapy), chithandizo chodalira makamaka masewero olimbitsa thupi. Koma pakati pa tsiku limene clinical officer wakuuzani kuti mukaonane ndi a fizio ndi tsiku limene a fiziowo adzakugwireni msana pamadutsa nthawi, ndipo nthawiyo si yofanana kwa aliyense. Wina amalowa sabata yomweyo, wina mwezi umatha, wina amatopa n'kungosiya. Kusiyanaku sikuchokera pa kutalika kwa mzere kokha. Masiku ambiri amatayikira pa kalata yolembedwa mwachidule kwambiri, pa kupita kuchipatala chimene sichinali choyenera, ndi pa kukhala pakhomo kudikira foni imene palibe analonjeza kuti adzaimba.

Ndi bwino kumvetsa chifukwa chake a msana amaikidwa kumbuyo. A fizio m'zipatala zaboma ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo odwala obwera kuchokera kunyumba si okhawo amene amawasamalira. M'mawodi muli a sitiroko amene ayenera kuyamba kudzutsidwa masiku oyambirira, muli ochitidwa opaleshoni, othyoka mafupa pa ngozi za pamsewu, ndi opsa ndi moto amene mfundo zawo zingaume akachedwa. Palinso ana amene ubongo wawo unavulala pobadwa. Onsewa akachedwa milungu ingapo amataya zinthu zovuta kubweza. Msana umene wapweteka chaka chathunthu susintha kwenikweni m'sabata imodzi, choncho umadikira. Amene amasankha oti alowe msanga amayang'ana zimene zalembedwa pa kalata, chifukwa inuyo sanakuoneni. Kalatayo ndiyo imakulankhulirani.

Amene sayenera kudikira n'komwe

Musanaganize za mzere, onetsetsani kuti ndinu woyenera kukhala pamzerepo. Pitani ku casualty tsiku lomwelo, usiku kapena Lamlungu, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi, malo onse amene amakhudza chishalo mukakwera njinga. Ngati mkodzo ukukana kutuluka kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka inu osazindikira. Kapena ngati miyendo yonse iwiri ikufooka. Izi zimasonyeza kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo madokotala amawerenga maola, osati masiku. Wochedwa akhoza kutsala ndi vuto la chikhodzodzo moyo wake wonse. Mu Lusaka nkhani yotere ndi ya zipatala zikuluzikulu, UTH kapena Levy Mwanawasa. Phazi limene layamba kukokeka pansi poyenda, kapena mwendo umene ukunka nufooka tsiku ndi tsiku, nalonso silofunika kugonera.

Gulu lina ndi la oyenera kubwerera kwa dokotala m'masiku ochepa. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda popanda chifukwa, ululu umene suleka ngakhale mutagona bwanji, kapena kachinunda kotukuka pakati pa msana, zonsezi kuno kwathu zimakumbutsa TB ya mafupa a msana. TB imeneyi imabwera ngakhale munthu sakutsokomola, ndipo imapezeka kwambiri mwa amene ali ndi HIV. Fizio sichiza TB; amachiza ndi mankhwala a miyezi yambiri, ndipo mwezi uliwonse wochedwa fupa likudyeka. Chimodzimodzi amene anadwalapo khansa ya prostate, ya bere kapena ya khomo la chiberekero, okalamba amene anagwa, ndi amene amwa mankhwala oletsa kutupa a prednisolone nthawi yaitali, chifukwa mafupa awo amathyoka mosavuta. Ululu wa m'mbali pansi pa nthiti wobwera ndi mkodzo wotentha ukhoza kukhala wa impso, ndipo kwa amayi msana wobwera ndi msambo wochuluka kapena chikazi chonunkha uyenera kupimidwa ngati nkhani ya chiberekero. Mnyamata kapena mtsikana wosafika zaka 45 amene amadzuka msana uli gwa kupitirira mphindi 30, n'kumamasuka akayamba kuyenda, auze dokotala ndendende zimenezo, pakuti pali nyamakazi ya msana imene imafuna mankhwala ake pamodzi ndi fizio.

Ngati mulibe chilichonse mwa izi, muli m'gulu lalikulu. Pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse odwala msana sapezeka ndi fupa lothyoka, TB kapena chotupa. Ululuwo ndi weniweni, koma kuyenda ndi kugwira ntchito sikukuwononga msanawo.

Kalata

Njira ya boma imayambira pa kiliniki ya kwanu, kupita ku chipatala cha first level, kenako ku zipatala zikuluzikulu. Mu Lusaka za first level ndi Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata. Anthu ambiri akamva fizio amangoganiza za UTH, koma kumeneko ndi kumene kumathera odwala ovuta kwambiri ochokera m'dziko lonse. Kwa msana wopanda zizindikiro zoopsa, yambani mwafunsa ngati mungathandizidwe pa first level ya kufupi ndi kwanu. Pali chifukwa china chosankhira pafupi: fizio si ulendo umodzi. Munthu wa ku George amene wapatsidwa malo kutsidya lina la tauni amakwera mabasi awiri popita ndi awiri pobwera, ndalama imatha, msana umapwetekanso ndi mipando ya m'basi, ndipo pofika ulendo wachitatu wasiya.

Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, iyang'aneni kalatayo. Dzina likhale monga lilili pa NRC ndi pa khadi la chipatala. Pakhale tsiku, siginecha ndi chidindo, chifukwa kalata yopanda chidindo ikhoza kukubwezani. Pakhale dzina la chipatala chimene mukupita, komanso mawu akuti Physiotherapy. Apa ndi pamene ambiri amagwa: kalata imalembedwa kupita ku kiliniki ya mafupa, munthu n'kudikira tsiku lake kumeneko, ndipo atafika dokotala wa mafupa amangomulemberanso kalata ya fizio. Wadikira mizere iwiri motsatizana pamene akanaima pa yonse nthawi imodzi. Palibe cholakwika kufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi n'zotheka mundilembere ya fizio lero lomwe, kuti ndiyambeko uku ndikudikira a mafupa?"

Zimene dokotala amalemba zimachokera pa zimene inu mwanena, ndipo iye ali ndi mphindi zochepa. Mukangoti msana ukupweteka, pa kalata padzalembedwa mawu awiri kapena atatu ofanana ndi a makalata ena onse. Konzekerani muli kunyumba. Nenani kuti wapweteka miyezi ingati, mbali iti, ngati ululu ukutsikira kuseri kwa ntchafu mpaka pa katumba kapena kuphazi, ngati pali dzanzi ndipo lili pati. Nenani zimene mwalephera: simutha kukhala m'basi mphindi 20, mwasiya kunyamula katundu ku Soweto, mukudzuka katatu usiku, kuntchito akuchenjezani chifukwa chojomba. Tchulani mankhwala onse amene mwayesa, ndi matenda ena monga shuga, BP kapena HIV. Musakokomeze. A fizio akapima amadziwa, ndipo wonama dzanzi kuti alowe msanga amangodzichedwetsa ndi mapimidwe osafunika.

Nkhani ya X-ray imadya masiku ambiri pachabe. Pa msana wopanda zizindikiro zoopsa, a fizio safuna X-ray kuti ayambe ntchito, ndipo chithunzicho sichisonyeza minofu kapena mitsempha. Chimene chimaonetsa kawirikawiri ndi kutha kwa mafupa kobwera ndi zaka, kumene kulinso mwa anzanu amene sakumva kupweteka kulikonse. MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi mozama, nayonso imapeza ma disc (timapilo ta pakati pa mafupa a msana) otukuka mwa anthu ambiri abwinobwino. Ngati dokotala wailamula pa chifukwa chake, kajambuleni, koma kalembetseni ku fizio kaye. Musadikire zotsatira kuti mukapereke kalata.

Ijambuleni kalatayo pa foni, ndipo mupange fotokope ziwiri. Yeniyeniyo akaitenga n'kusochera, simudzayambiranso pa kiliniki.

Kulembetsa ndi kulondola

Kalata imene ili m'chikwama sinakuikeni pamzere. Kudikira kwanu kumayamba kuwerengedwa tsiku limene dzina lalowa m'buku la ku fizio, choncho ipititseni nokha tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa. Mukatsegulitsa fayilo kapena kuonetsa khadi polembetsera, pitani mpaka pakhomo la gawo la fizio lenilenilo ndipo mulankhule ndi amene amasunga buku la masiku.

Musachoke opanda tsiku lolembedwa pa khadi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: tsiku la kutali lolembedwa limaposa lonjezo lakuti tidzakuimbirani. Ngati sakupereka masiku nthawi imeneyo, funsani kuti buku lidzatsegulidwa liti ndipo mubwere tsiku liti kudzafunsa. Funsaninso ola limene amayamba kuona odwala ochokera kunja, ngati pali cholipira, ngati kalatayo imatha mphamvu pakapita nthawi, ndiponso ngati ali ndi gulu la odwala msana ochitira masewero pamodzi. Kumene kuli gulu lotere malo amapezeka msanga, ndipo masewero a pagulu amathandiza msana wokhalitsa pafupifupi mofanana ndi a munthu payekha.

Siyani manambala awiri a foni, ina ya wachibale amene foni yake sikhala yozima magetsi akapita. Ndipo nenani mawu awa, amene ambiri saganiza kunena: "Asisita, ndimakhala pafupi. Wina akalephera kubwera mundiimbire, ndikhoza kufika m'ola limodzi." Anthu amajomba masiku awo, makamaka nyengo ya mvula pamene njira za m'makomboni ena zadzaza madzi, ndipo malo otsalawo amapita kwa amene akudziwika kuti afika.

Pakatha milungu iwiri muli chete, pitaninso kapena imbani. Kufunsa tsiku lililonse kumatopetsa anthu, koma kusafunsa n'komwe kumakuiwalitsani. Zinthu zikasintha, monga ululu umene unali pamsana pokha wayamba kutsikira kuphazi kapena mwasiya ntchito, musakakangane pa windo. Bwererani kwa amene analemba kalata akapimenso ndi kuwonjezera zatsopanozo, chifukwa malo anu pamzere amasintha ndi zolembedwa. Munthu wokukokerani pambali kuti mumupatse kenakake akudumphitseni mzere mukaneni; ndalama iliyonse yolipira pachipatala ikhale ndi lisiti.

Ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, muli ndi khomo lina. Ogwira ntchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ndipo abwana amaikapo 1 peresenti ina, pamene odzilemba okha ntchito amalipira okha. Musanapite kulikonse fufuzani kuti zopereka zanu zili bwino, pakuti ambiri amadzidzimuka pa windo atamva kuti kuntchito sanatumize miyezi ingapo. Kenako funsani ngati malo amene mukufunawo ndi ovomerezedwa ndi NHIMA pa fizio, ngati akufuna kalata ya dokotala, ndi ngati pakufunika chilolezo choyamba. Mndandanda wa malo ovomerezedwa umasintha, choncho za chaka chatha zimene mnzanu anakuuzani musazidalire.

Amene angakwanitse kulipira okha asaganize kuti ayenera kugula maulendo khumi. Ulendo umodzi kapena iwiri kwa fizio wa pulayiveti, wongofuna kupimidwa ndi kupatsidwa masewero a kunyumba, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino, ndipo dzina lanu lisachoke m'buku la boma. Funsani mtengo wa kupima ndi wa ulendo uliwonse musanagone pa bedi. Fizio weniweni, kaya anaphunzira ku UNZA, ku Evelyn Hone kapena kwina, amalembetsedwa ndi Health Professions Council of Zambia ndipo amakhala ndi satifiketi ya chaka chimenecho. Malo otikita thupi amene adzaza m'tauni si fizio, ngakhale atavala yunifomu yoyera.

Zochita m'milungu yodikira

Cholakwa chachikulu ndicho kuusunga msana kuti a fizio adzaupeze. Kugona masiku ambiri kumafooketsa minofu, mfundo zimauma, mantha amakula, ndipo munthu amafika kwa a fizio ali woipirapo kuposa tsiku limene anapatsidwa kalata. Ululu ukabuka mwamphamvu, kugona tsiku limodzi kapena awiri n'kokwanira, ndipo ngakhale pamenepo muzidzuka n'kuyendayenda m'nyumba.

Yambani ndi kuyenda, koma mwa muyeso. Kwa masiku atatu onani pa wotchi mphindi zimene mumayenda ululu usanakule. Tinene kuti mwapeza pafupifupi mphindi 15. Chotsanipo pang'ono, muyambe ndi 12, tsiku lililonse, tsiku labwino ndi loipa lomwe. Sabata iliyonse onjezani mphindi imodzi kapena ziwiri. Chimene chimagwetsa anthu ndi tsiku labwino: amadzuka opepukidwa, amachapa mabulangete onse, amayenda wapansi kuchoka ku Kalingalinga mpaka m'tauni, kenako masiku atatu ali chigonere n'kumati kuyenda kumawapweteka. Chawapweteka ndi kudumpha muyeso.

Masewero otsatirawa ndi amene a fizio ambiri amayambira. Chitirani pa mphasa kapena bulangete pansi, osati pa matilesi ofewa, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, mukupuma bwinobwino osabanika.

Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi ali pansi. Kanikizani kumunsi kwa msana pansi pomanga pamimba pang'ono, gwirani masekondi 5, masulani. Bwerezani ka 10. Muli chomwecho, gwetsani mawondo onse awiri pang'onopang'ono kumanja, kenako kumanzere, mapewa osachoka pansi, ka 10 mbali iliyonse. Kenako kokerani bondo limodzi kuchifuwa ndi manja, gwirani masekondi 20, katatu mwendo uliwonse.

Olimbitsa minofu ndi awiri. Muli chagada mawondo opinda, mangani matako n'kunyamula chiuno mpaka mapewa, chiuno ndi mawondo zikhale pamzere umodzi, gwirani masekondi 5, tsikani pang'onopang'ono. Yambani ndi ka 8. Mukamva kukokana kuseri kwa ntchafu, sendezani zidendene kufupi ndi matako. Mukamva kutsina pamsana, mwanyamula kwambiri. Achiwiri, gwadani manja ali pansi ngati mwana wokwawa, tambasulani mwendo umodzi kumbuyo osapendeketsa chiuno, gwirani masekondi 5, sinthani, ka 6 mbali iliyonse. Mukazolowera, tambasulaninso dzanja la mbali inayo kutsogolo. Ambiri amaponya mwendo m'mwamba kwambiri mpaka msana kupindika; mwendo ungofika pamzere wa msana basi.

Amene ululu wawo umakula akakhala pansi kapena akawerama nthawi zambiri amapepukidwa akagona chafufumimba n'kutsamira pa zigongono mphindi imodzi kapena ziwiri. Okalamba amene miyendo imalemera akayenda n'kupepuka akakhala kapena akatsamira pa wilibala ndi osiyana: kupindira kumbuyo kumawawonjezera, ndipo kukokera mawondo kuchifuwa ndiko kumawathandiza. N'chifukwa chake masewero a pa Facebook amene anachiza mnzanu akhoza kukuvutani inu.

Mudziwa bwanji kuti mwapitirira? Yerekezani ululu pa muyeso wa 0 mpaka 10. Kupweteka kofika pa 4 kapena 5 pochita masewero n'kololeka, bola kubwerere mwakale pasanathe maola 24. Mawa lake kukakhala kudakali pamwamba, musasiye, ingochepetsani ndi theka. Yang'anani kwambiri kumene ululu ukulowera. Ukamachoka kumwendo n'kubwerera pakati pa msana, ngakhale utakula pang'ono pamenepo, zikuyenda bwino. Ukamatsikira kunsi kwa bondo kapena dzanzi likamakula, siyani masewero amenewo ndipo mukawatchule kwa a fizio.

Kutentha kumapepuza kwa kanthawi. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje kapena thaulo, mphindi 15 mpaka 20, osagona nalo tulo. A shuga ndi onse amene khungu lawo lachita dzanzi asamale kwambiri, chifukwa amapsa osamva.

Ntchito za pakhomo ndi pamene msana umapambana kapena kugonja. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, thumba la unga 25, la simenti 50. Tungani theka maulendo awiri, kapena gawani m'zigubu ziwiri za malita 10, chimodzi dzanja lililonse. Ponyamula, sendezani katundu pafupi ndi thupi, pindani mawondo, ndipo potembenuka tembenuzani mapazi osati chiuno chokha. Beseni lochapira likwezeni pa tebulo kapena pa njerwa, mbaula ikhale pamalo okwera, tsache lalifupi lisomekeni pa mpini wautali. Kuwerama pakokha si koopsa. Chimene chimavuta ndi kuwerama ola lathunthu osawongoka. Atelala, madalaivala ndi a mu ofesi aziimirira mphindi 30 zilizonse, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha. M'basi, mpando wapakati sugwedeza kwambiri ngati wa kumbuyo, ndipo chitenje chopindidwa kuseri kwa chiuno chimathandiza. Pogona chammbali ikani pilo pakati pa mawondo, pogona chagada pansi pa mawondo.

Mankhwala

Brufen, amene ndi ibuprofen, ndi diclofenac ndi a banja limodzi, choncho sawamwera pamodzi. Munthu wamkulu wopanda matenda ena akhoza kumwa ibuprofen wa 400 mg mpaka katatu pa tsiku atadya, kwa masiku ochepa pamene ululu wabuka, osati miyezi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, amene BP yawo sikutsika, omwa mankhwala osungunula magazi, ndi amayi oyembekezera asamwe popanda dokotala. Omwa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga TLD, afunse ku kiliniki yawo kaye, chifukwa tenofovir ndi mankhwala a banjali onse amalemetsa impso. Chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi ndi chizindikiro chosiya pomwepo n'kupita kuchipatala. Panado yekha sachita zambiri pa msana wokhalitsa. Mukamamwa musapitirire magalamu 4 pa tsiku, ndiwo mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi panado m'kati.

Mapiritsi osakaniza m'kapepala ogulitsidwa pa kantemba kapena m'basi ndi oopsa chifukwa simudziwa zili m'menemo. Ena amakhala ndi dexamethasone kapena prednisolone. Munthu amapepukidwa sabata yoyamba, kenako nkhope imatupa, shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafewa. Amene wamwa otere kwa milungu asasiye mwadzidzidzi. Apite nawo kuchipatala akamuchepetsere pang'onopang'ono. Tramadol, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amazoloweretsa ndipo pa msana wokhalitsa phindu lake ndi lochepa. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu December 2023 pa msana wokhalitsa amalimbikitsa maphunziro ndi masewero olimbitsa thupi, ndipo salimbikitsa mankhwala a mtundu wa tramadol, malamba omanga m'chiuno, kapena makina okoka msana. Ndalama ya lamba ndi bwino ikhale ya basi yopitira ku fizio. Za kutema mphini, zipsera zili pamisana yambiri imene ikupwetekabe, ndipo lezala logawana limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Tsiku likafika

Fikani msanga chifukwa fayilo imatenga nthawi kupezeka. Tengani kalata kapena fotokope yake, NRC, khadi la chipatala, nambala ya NHIMA, X-ray ngati ilipo, ndi mapaketi a mankhwala onse. Valani zomasuka, kabudula kapena buluku lofewa m'kati mwa chitenje, pakuti adzafuna kuona msana ndi miyendo mukuwerama, mukuyenda ndi zala ndi zidendene. Amayi amene akufuna kuonedwa ndi fizio wamkazi, kapena kukhala ndi wachibale m'chipinda, anene polembetsa. Kapepala kosonyeza mphindi zimene mwakhala mukuyenda, masewero amene akuthandizani ndi amene akuwonjezera ululu kamafupikitsa kupima ndipo kamapangitsa kuti ulendo woyamba womwewo muyambire patsogolo.

Ambiri amakhumudwa akapanda kuikidwa pa makina. Kuwala kotentha ndi timagetsi tonjenjemeretsa khungu zimakoma, koma pa msana wokhalitsa mphamvu yake sikhalitsa, ndipo fizio amene wakupatsani masewero m'malo mwa makina sanakumaneni kanthu. Pemphani kuti masewerowo alembedwe kapena mujambulidwe pa foni yanu mukuwachita, kuti kunyumba musasokoneze. Funsani kuti muzichita kangati, muwonjezere liti, muchite chiyani ululu ukabuka, ndipo mubwere maulendo angati. Tsiku lotsatira lilembedwe musanatuluke, chifukwa kudikira kwachiwiri, kwa pakati pa maulendo, nakonso kumatalika mukakusiya. Mukadziwa kuti simufika, imbani kapena tumani munthu dzulo lake. Kujomba mwakachetechete kukhoza kuchotsetsa dzina m'buku ndipo mungafunike kalata yatsopano.

Ngati ntchito yanu ndi yonyamula, pemphani kalata ya ntchito zopepuka kwa nthawi yodziwika m'malo mwa tchuthi chachitali, pakuti munthu akakhala pakhomo miyezi yambiri kubwerera kuntchito kumavuta. Amene msana unayamba ndi ngozi ya pantchito aonetsetse kuti abwana anapereka lipoti ku Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo asunge makalata ndi malisiti onse.

Kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu 6 mpaka 12 ya masewero osadumphadumpha, ndipo kawirikawiri kumayambira pa zimene mukutha kuchita, monga kuyenda mtunda wotalikirapo kapena kugona usiku wonse, ululu usanatsike kwenikweni. Miyezi itatu ikatha mukuchita zonse koma palibe chasintha, kapena ululu wa mwendo ukukulepheretsanibe kuyenda, pemphani a fizio alembe zimene apeza ndi zimene ayesa, ndipo mupite ndi kalata imeneyo kwa dokotala wa mafupa kapena wa mitsempha.